Za M'thumba la a Chidendene

1. Wolakwa ndi wanga

Kalata ya kuchipatala ya a Chidendene, ija munaiona pa mafoni anu nonse, anaijambula ndi mwana wanga. Si a Bandeji ayi, mayi wa mankhwala a timu uja, monga munkanenera. Ndi mwana wanga wamkazi, wa Fomu 3, amene mumamutcha Wailesi. Anaijambulira m'nyumba mwanga, patebulo langa, ine ndili panja kuyanika masokosi.

Ndayamba ndi zimenezi kuti wina asadzati ndinabisa. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 6, ndiye mawu okometsera ndilibe. Mukapeza polakwika m'kalembedwe kanga, dumphani. Nkhani yokhayi musaidumphe.

Ine ndine wochapa majezi a timu yathu. Amuna anga anagwira ntchitoyi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ine ndikuwathandiza. Atamwalira, akomiti anafuna kuipereka kwa wina. Amene anaimirira n'kunena kuti "achapa ndi alamu anga" anali a Chidendene, wachiwiri kwa kochi, aja ali mnyamata ankagoletsa zigoli ndi chidendene. Muzikumbukira zimenezi pamene mukuwerenga.

2. Lamulo la chitini

Lolemba lililonse kumabwera saka la zovala za timu: majezi, makabudula, masokosi, majekete. Usanaviike kanthu m'madzi, umayamba wapisa m'matumba. Mumapezeka makiyi, chingamu chotafuna kale, mapiritsi, tikalata ta zibwenzi, ngakhale zithunzi za ana amene akazi a eni jeketewo sakuwadziwa.

Zonsezo zimalowa m'chitini cha mabisiketi chimene chili pashelefu. Pofika Lachiwiri, chinthu chilichonse chimabwerera kwa mwini wake mmene chinabwerera. Lamuloli anaika ndi malemu bambo ake a Wailesi, ndipo mwanayu analimva asanaphunzire n'kuwerenga komwe. Ankamukhazika pandowa yovundikira n'kumamuuza kuti:

"Wochapa ali ndi manja, maso alibe. Munthu akakupatsa chovala chake wakupatsa thukuta lake, fungo lake ndi manyazi ake omwe. Pepala lopinda likhale lopinda. Ukalitambasula, ndiye kuti walowa kuchipinda kwa eni ake osagogoda. Anyamatawa amavula mosaopa chifukwa amadziwa kuti pakhomo pano palibe pakamwa. Tsiku limene za m'thumba la munthu zidzatulukire pakhomo lino, sadzatibweretseranso ngakhale sokosi imodzi. Ndipo adzakhala akukhoza."

Mwana ankavomera ndi mutu. Ine ndinkayesa zalowa.

3. Timu ikhala ya yani

Chaka chino timu yathu inagonja kasanu motsatizana. Kochi wamkulu anathawa osatsanzika, anasiya ndi wezulo yomwe pamsomali. Pomwepo panabuka nkhani ziwiri: kochi watsopano akhala ndani, ndipo timuyo ikhala ya yani.

Timu yathu ndi ya mamembala. Aliyense ali ndi khadi, ndipo khadi limodzi ndi voti imodzi. La amuna anga linapita kwa Wailesi, chifukwa ndiye ankakhala pamapewa pawo kubwalo kuyambira ali ndi zaka zitatu. Dzinalo anamupatsa chifukwa amaulutsa mpira ndi pakamwa, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osameza malovu.

Ndiye kunabwera a Malole, bwana wa magalimoto onyamula katundu. Anati timuyi ikhale yanga, ndikonza bwalo, ndigula basi, ndibweretsa kochi wakunja wa masatifiketi. Ena anati ayi, timu ya makolo athu sigulitsidwa ngati nkhuku, ndipo ukochi apatsidwe a Chidendene amene adikira zaka khumi ndi chimodzi.

Kometera, m'basi, pampopi, nkhani inali yomweyo. A mbali ya a Malole ankati mbiri sigoletsa chigoli. Enawo ankati lero agula timu, mawa aipaka utoto wa malole awo, mkuja atopa nayo aisiya pamsewu ngati tayala lophulika.

Wailesi anali mbali ya a Malole, ndipo sindinganame kuti analibe mfundo. Ankati osewera athu amapita kumasewero ataimirira kumbuyo kwa lole ngati ng'ombe. Denga la movulira limadontha. Goloboyi amasoka yekha magolovesi ake.

Koma m'gulu la masapota la pa foni munali a Telala, mkulu wa khadi lakalekale. Mwana akalemba mfundo, iwo yankho lawo linali limodzi: "Iwe kachape masokosi ndi amako, za mpira usiyire amuna." Anthu ankaseka. Wailesi ankalowa m'nyumba maso ali psuu. Ndinamuuza kuti atuluke m'gulumo. Anati ayi, tsiku lina adzawatseka pakamwa.

4. Chipsera cha simbi

Lamlungu kubwalo kunagwa mvula, ndiye Lolemba saka linabwera lonyowa. M'thumba la jekete la a Chidendene ndinapezamo mapepala awiri opindira pamodzi. Sindinawaike m'chitini, kuopa angamatane. Ndinawaika pa bulangete lositirapo, ali chipindire, kuti aume. Kenako ndinatuluka kukayanika.

Ndinaiwala kuti m'nyumba ndasiyamo munthu wa maso ndi foni.

Wailesi anatambasula pepala limodzi, analijambula, anatumiza kwa mnzake mmodzi. Mnzakeyo anatumiza kwa msuweni wake, msuweniyo kwa wina. Pofika m'gulu la masapota, chithunzi chinalibenso mwini. Mapepala ndinawapeza ali chipindire monga ndinawasiyira, ndipo ndinawabweza pamodzi ndi jekete osadziwa kanthu.

Lachiwiri masana ndikudutsa kometera, mwini wake anandiitana.

"Amayi a majezi, mwaiona iyi? Kochi wanu uja ndi wakhungu."

Anandiwerengera: diso lakumanzere lachita ng'ala, lakumanja layamba. Amene anali pabenchi ankafa nalo phwete. Wina anati n'chifukwa chake amalowetsa osewera olakwika, amangowasankha ndi fungo.

Ine mawuwo sindinawaone. Ndinaona chimene chinali pansi pa pepalalo. Bulangete lotuwa, pangodya pali chipsera cha simbi chosokerera ndi ulusi wofiira. Ndinapsereza ndine, tsiku limene anabwera kudzandiuza kuti amuna anga agonekedwa kuchipatala. Ndinasokanso ndine.

Ndinabweza foni. Ndinati ine za pa foni sindiziona bwino. Bodza langa loyamba linali limenelo.

5. Ndodo yoyera

Lachitatu kunali mpira wa pakati pa sabata. Masapota ena anabwera ndi ndodo yopaka utoto woyera. Ankapatsirana kuyambira mzere wakumwamba mpaka inafika pampanda, kumbuyo kwa benchi ya timu. Mmodzi anavala magalasi akuda n'kumapapasa mpandawo. Anaimba nyimbo imene sindiilemba muno.

A Chidendene sanatembenuke. Anaima pamzere, manja kumbuyo, mpaka mpira unatha. Timu inapambana ndi chigoli chimodzi, koma palibe anawaombera m'manja. Anthu akutuluka, ndodo ija inaponyedwa m'bwalo. Iwo anaitola, anaitsamiritsa bwinobwino pampanda, n'kumapita.

Ndinamufunafuna Wailesi ndi maso. Anali pamalo pamene ankakhala bambo ake. Tsiku limenelo sanaulutse ngakhale kona imodzi.

Lachinayi akomiti anafuna munthu womuloza chala. Anati za matenda a m'timu amadziwa ndi a Bandeji okha, mayi amene amathamangira m'bwalo ndi chikwama cha mankhwala wosewera akagwa. Anawalanda chikwamacho pamaso pa osewera. Anati Loweruka, pamsonkhano wa mamembala, achotsedwa ntchito.

A Bandeji amenewa ndi amene ankabwera kwathu m'mawa uliwonse miyezi inayi kudzatsuka zilonda za amuna anga, pamene abale enieni ankangoimba foni. Lachinayi lomwelo ndinakumana nawo pamsika. Anandipatsa moni, anandifunsa kuti mwana ali bwanji. Ine ndinayang'ana tomato.

Mukuti ndinakhala chete chifukwa chiyani? Ndinkaopa saka la Lolemba. Ndinkaopanso kuti mwana wanga aziyenda bwanji mumsewu. Masiku atatu ndinadya, ndinagona, ndinasita pa bulangete lomwelo. Manyazi amenewo ndi anga, osati a mwana.

6. Patebulo

Lachisanu ataweruka kusukulu, ndinayala bulangete patebulo, ndinaika chitini pambali, ndinamuuza akhale pansi. Sindinamufunse kanthu. Ndinangoloza chipsera.

Anayamba ndi kukana. Kenako anati koma zolembedwazo n'zoona, masapota ayenera kudziwa ngati kochi saona. Kenako analira. Anati ankangofuna a Telala aone kuti wochapa masokosi amadziwa zimene iwo sadziwa.

"Ndiye wawaonetsa," ndinatero. "Wawaonetsa kuti wochapa masokosi ndi wakuba."

Anazyolika. Ine ndinapitiriza.

"Tamvera iwe. Ngati a Chidendene sakuona, imeneyo ndi nkhani yowafunsa pamaso pawo, pamsonkhano, khadi lili m'manja. Bambo ako anakusiyira khadi kuti uziyankhula poyera. Sanakusiyire matumba a anthu. Kaya ufuna a Malole, kaya ufuna kochi wochokera kumwezi, ine ndilibe nazo ntchito. Koma chigoli chogoletsa ndi dzanja si chigoli, ngakhale oyimbira asaone. Mawa mayi wosalakwa achotsedwa ntchito chifukwa cha chala chako. Mayi amene ankasambitsa bambo ako iwe uli kusukulu. Ndiye udzakhala pabenchi n'kumaonera ngati ndi mpira?"

Anati akaulula anthu amudya wamoyo. Ndinati inde, akudya. Anati ndiye ntchito ya majezi itha. Ndinati inatha Lolemba, kungoti eni ake sanadziwe.

"Mawa ndinyamula bulangeteli," ndinamuuza. "Dzina lako sinditchula. Ndikangoliyala patebulo la a Tcheya, aliyense aona chipserachi ndipo adzati ndine. Ndidzavomera. Iwe udzakhale phee, ngati ungathe."

Anaimirira. Anatenga ndowa n'kupita kumpopi, pamene madzi m'nyumba anali odzaza.

7. Makadi m'mwamba

Msonkhano unali muholo ya timu, Loweruka masana. Mabenchi anadzaza, ena anaima m'mazenera. Ine khadi ndilibe, ndiye ndinakhala pafupi ndi khomo, bulangete lili m'jumbo pamiyendo. A Malole anakhala kutsogolo akuzunguza makiyi a galimoto pachala. A Chidendene anali kumapeto kwa benchi. A Bandeji anakhala okhaokha, manja ali pamiyendo popanda chogwira.

Ola lathunthu anakangana. A Telala anati timu si lole yoti dalaivala azisintha mwezi ndi mwezi. Wina anawafunsa ngati khadi lawo lakalelo linagoletsapo chigoli. Wina anati kochi wakunja sadziwa ngakhale dzina la goloboyi wathu. Anamuyankha kuti bola iyeyo adzamuona. Holo yonse inaseka.

Kenako a Tcheya anagogoda tebulo. Anati tisanavote za timu, timalize za munthu amene anaulula chinsinsi cha kuchipatala. Anafunsa a Bandeji ngati ali ndi mawu. Iwo anaimirira, anati, "Ine sindinachite," n'kukhala pansi. A Tcheya anati ofuna kuti achotsedwe akweze makadi.

Makadi anakwera mbali zonse ziwiri. Pa ichi chokha anagwirizana. Aja ankapatsirana ndodo Lachitatu ndi amene anakweza kuposa onse.

Ndinayang'ana Wailesi. Khadi lake linali pamwendo. Sanakweze, koma sanaimirirenso. Ndinadikira. A Tcheya anayamba kuloza makadi mmodzimmodzi. Ndinanyamuka.

Kuchokera pakhomo kukafika patebulo ndi pafupi. Nditafika pakati ndinayamba kutulutsa bulangete.

"Amayi, khalani pansi."

Mawu a Wailesi anali aang'ono, osati aja amamveka bwalo lonse. Anali ataimirira, khadi la bambo ake lili m'manja.

"A Tcheya, a Bandeji sanalakwe. Kalatayo ndinajambula ndine. Inali m'thumba la jekete, kunyumba kwathu. Amayi sankadziwa."

Holo inaphulika. Amene anatumiza chithunzi kwa anzawo ndi amene anakuwa kwambiri. A Telala anati ndinanena ine. Wina anati alandidwe khadi. Mwana anangoima, misozi ikugwera pa jezi yakale ya bambo ake.

A Chidendene anaimirira pang'onopang'ono. Anapisa m'thumba, anatulutsa mapepala aja, anadikira mpaka phokoso litatha.

"Mapepalawa anali awiri," anatero. "Mwanayu anajambula limodzi. Lachiwirili likuti sabata yamawa andichotsa ng'alayi, ndipo adokotala akuti ndidzaona ndi nyerere yomwe pamzere wa kona. Koma pa anthu mazana atatu amene munalandira chithunzi, palibe anabwera kudzandifunsa. Nyumba yanga mumaidziwa nonse. Ena a inu ndinakuphunzitsani kumanga zingwe za nsapato.

"Inenso ndinalakwa. Ndinabisa matenda chifukwa ndinkaufuna ukochi. Ndikanawauza akomiti. Ndiye dzina langa lichotseni kaye mpaka ndichire. Mukadzandifuna mudzandipeza.

"Iwe mwana wa achimwene, tandiyang'ana. Diso limodzi likuonabe. Wandivula pagulu, ndipo sindinama kuti sizinawawe. Akazi anga sabata ino sanapite kumsika. Zimenezo sizibwezedwa ndi pepani. Chithunzi si dothi la pa jezi, sichichapika. Koma waimirira, pamene akuluakulu a ndevu angokweza makadi pa munthu wosalakwa. Za timu, votani mmene mufunire, kaya a Malole kaya mamembala. Koma timu imene masapota ake amaseka matenda a munthu wawo, ngakhale muigulire basi yagolide, inafa kale."

Anakhala pansi. Palibe anaomba m'manja. A Malole anasiya kuzunguza makiyi.

A Tcheya anati voti ya timu iyembekeze sabata ziwiri. Chikwama cha a Bandeji anachibweza pomwepo. Potuluka, Wailesi anagwada pakhomo kutsogolo kwa a Bandeji. Iwo mwanayo sanamuyang'ane. Anayang'ana ine.

"Lachinayi pamsika paja, munkadziwa?"

Ndinati inde.

Anagwedeza mutu, anakoleka chikwama paphewa, anapita. Akananditukwana, bwenzi ndikupuma bwino.

8. Zingwe zopanda kanthu

Lero ndi Lolemba. Saka silinabwere. Zingwe zanga zoyanikira zili chabe, koyamba m'zaka makumi awiri ndi ziwiri. Osewera akuti azichapa okha. Akukhoza, monga ananenera bambo ake.

Foni ya Wailesi ili m'chitini. Anaikamo yekha, ine sindinamuuze.

Koma m'mawa uno pakhomo panaima lole. Dalaivala wa a Malole anatsika ndi kabokosi. Anati muli foni yatsopano. Anati bwana akuti mwanayu ali ndi mutu, timu ikakhala yawo akufuna aziyendetsa ndiye nkhani zake pa mafoni. Anati voti ili pafupi, aganize bwino.

Wailesi ataweruka anapeza kabokosiko patebulo, pa bulangete lija. Sanakatsegule. Sananenenso kuti tikabweze. Wakhala akukayang'ana kuyambira masana. Ine ndalumbira kuti sindikakhudza. Kabwera m'dzina lake, ndipo za m'thumba la munthu ndi zake.

Tsopano ndatsala ndi iwe, amene ukuwerenga, wa yunifolomu ndi foni yobisa m'chikwama cha mabuku. Mwana wanga anatumiza kwa munthu mmodzi yekha. Kuti chithunzi chifike kwa anthu mazana atatu, panali zala zina. Ndodo ija sinatsike yokha kuchokera mzere wakumwamba.

Wanga anaimirira pamaso pa holo yonse. Ine ndataya saka, ndatayanso moni wa a Bandeji. Iwe wataya chiyani? Nyumba ya a Chidendene ukuidziwa, ndi ija ya chitseko chobiriwira. Ukagogoda liti?

Usayang'ane kumbali. Ine ndinayang'anapo tomato, ndikudziwa mmene munthu amaonekera akamatero. Chala chako chinalipo kapena ayi? Ndiyankhe.